Mauka obwerabwera ndi nkhani ya biofilm

Mayi wina wanditumizira imelo. Mauka amugwira kanayi chaka chino, kawirikawiri akangomaliza kumwa doxycycline kapena Flagyl, ndipo wawerenga pa intaneti kuti vuto ndi biofilm, zomata zimene tizilombo timadzikuta nazo, imene imafuna mankhwala apadera oiphwanya. Akufunsa kuti agule ati.

Mayi, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Pamene mwatchula mankhwala amene mumamwa m'pamene pagona nkhani.

Fangasi wotchedwa Candida albicans, amene amayambitsa mauka oyabwa, si mlendo m'thupi. Amakhala m'kamwa, m'matumbo ndi kumaliseche kwa anthu ambiri athanzi osawavutitsa, chifukwa mabakiteriya amene amakhala naye amamupanikiza. Kumaliseche ntchito imeneyi ndi ya mabakiteriya a Lactobacillus: amadzaza malo, amalimbirana naye chakudya, ndipo asidi amene amapanga amasunga pH (muyeso wa kuchuluka kwa asidi) pakati pa 3.8 ndi 4.5. Doxycycline ndi amoxicillin sasankha, amapha mabakiteriya oipa ndi abwino omwe, koma fangasi samukhudza n'komwe. Akapeza mpata, Candida amasiya kukhala timibulu tozungulira n'kuyamba kumera timaulusi tolowa m'khungu lam'kati. Timaulusi timeneti timatulutsa poizoni wotchedwa candidalysin, amene akatswiri anamufotokoza koyamba mu 2016, ndipo thupi likamalimbana naye m'pamene mumamva kuyabwa ndi kuotcha kuja. Amayi pafupifupi 75 pa 100 alionse amadwalapo matendawa kamodzi pa moyo wawo, choncho musadzione ngati wauve.

Biofilm ilikodi. Ili ngati ndere zoterera za m'chigubu cha madzi zimene sizichoka pongotsukuluza: tizilombo timamatirira pamalo, timaunjikana, kenako timadzikuta ndi zomata. Mu zomata za Candida muli chinthu chotchedwa beta-glucan chimene chimagwira fluconazole, mankhwala olimbana ndi fangasi, asanafike pa fangasiyo, moti mlingo umene ukanamupha ali payekha sukwanira. Mmenemo amagwirizananso ndi mabakiteriya. Staphylococcus aureus amakakamira pa timaulusi tija n'kulowa nato m'mnofu. M'kamwa mwa ana, Streptococcus mutans amasandutsa shuga kukhala zomata, Candida amakhazikikapo, ndipo mano amabooka msanga kuposa pamene pali bakiteriya yekha. N'chifukwa chake mwana wogona ndi botolo la tiyi wa shuga mano ake akutsogolo amatha. Nawo mano oikirira, ngati savulidwa usiku n'kutsukidwa ndi burashi, amaweta fangasi mpaka m'kamwa kufiira.

Koma taonani malo amene biofilm ya Candida imadziwika bwino: pa mano oikirira, pa timapaipi ta m'mitsempha ndi ta mkodzo, nthawi zina pa lupu. Ndi pa zinthu zolimba. Biofilm yotsimikizika pa khungu lam'kati mwa maliseche ndi ya bakiteriya, Gardnerella vaginalis, amene amayambitsa matenda ena otchedwa bacterial vaginosis. Amenewa amabwereranso kwa amayi oposa theka pasanathe miyezi 12 atalandira metronidazole (Flagyl uja). Ogulitsa makapusozi "ophwanya biofilm" amasakaniza nkhani ziwirizi, ndipo ine ndikuti kumeneko n'kudyera anthu masuku pamutu. Zotawasira m'kati, kaya ndi sopo, Dettol, viniga, mandimu kapena zitsamba zoumitsa, zimachotsa Lactobacillus yemweyo amene mukumufuna. Chambiko ndi yogati idyani chifukwa ndi chakudya chabwino, osati kuika kumaliseche.

Choyamba dziwani chimene chikukuvutani

Dzina loti mauka timaliika pa matenda atatu osiyana. Chikazi choyera cha mibulumibulu, chosanunkha, choyabwa kwambiri, pH yosapitirira 4.5, kawirikawiri ndi Candida. Chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha ngati nsomba makamaka mukatha kugonana, pH yoposa 4.5, ndi bacterial vaginosis. Chachikasu kapena chobiriwira cha thovu chingakhale kachilombo kopatsirana pogonana kotchedwa Trichomonas, ndipo pamenepa abambo nawonso ayenera kumwa mankhwala, pamene pa Candida sizifunika ngati iwo alibe zizindikiro. Zipatala zambiri zimapereka mankhwala potengera zizindikiro zokha, ndiye mayi wa Candida akhoza kubwera ndi maantibayotiki amene amangowonjezera vuto. Pitani pamene zikuyabwa, musanaike mankhwala alionse, ndipo pemphani kuti atengeko chikazi akachione pa makina kulabotale. Muyezetsenso shuga ndi HIV, popeza zonsezi zimachititsa Candida kubwerabwera.

Zikatsimikizika, mankhwala odziwika ndi clotrimazole 500 mg woika kumaliseche usiku umodzi, kapena 200 mg masiku 3, kapena fluconazole 150 mg wakumwa kamodzi. Kwa inu amene zakugwirani kanayi, kamodzi sikokwanira: madokotala amapereka fluconazole 150 mg tsiku 1, 4 ndi 7, kenako kamodzi pa sabata kwa miyezi 6. Ambiri amasiya mankhwala kuyabwa kukangotha, n'kubwereranso poyambira. Ngati ndinu oyembekezera, fluconazole ayi, koma clotrimazole woika kwa masiku 7. Dziwaninso kuti mafuta a mankhwala oikawa amafooketsa kondomu. Zikakanika ngakhale mwatsatira zonse, mwina muli ndi mtundu wina wotchedwa Candida glabrata, amene samva bwino fluconazole. Ameneyu dokotala angamulembere boric acid 600 mg woika kumaliseche masiku 14, amene ndi poizoni akamezedwa ndipo saloledwa pa mimba. Lupu musathamangire kuchotsa, kambiranani ndi a zakulera pokhapokha njira zonsezi zitalephera.