Reel ikulira? Pezani kaye pamene phokoso likuchokera musanaitanitse magiya

Achimwene, mwati baitcaster yanu, reel ija yokulungira chingwe cha mbedza imene imakhala pamwamba pa ndodo, yayamba kulira mukamapukusa handulo, makamaka nsomba ikakola, ndipo mwathiramo mafuta koma palibe chasintha. Ndiye mukufunsa ngati muitanitse magiya atsopano kapena mungogula reel ina. Ife tikuti ndalama isatuluke m'thumba pakali pano. Phokoso lotere nthawi zambiri limachokera ku beringi youma, ku mchenga wolowa mu worm shaft (kamtanda ka mizere kamene kamayendetsa kolondolera chingwe uku ndi uku), kapena ku girisi wakale amene wagwirana ndi fumbi. Magiya enieni amatha ndithu, koma ali ndi kalilidwe kawo, ndipo mutha kukazindikira muli pakhonde panu musanamasule sikuluu ndi imodzi yomwe.

Yambani ndi funso ili: ikulira poponya kapena popukusa? Mukadina batani loponyera, pinion (giya yaing'ono imene imazungulizidwa ndi giya yaikulu ya handulo) imachoka pa spool (chokulungapo chingwe), ndiye giya yaikulu ndi pinion sizizungulira n'komwe nyambo ikamauluka. Choncho kulira kwa kwiii poponya si kwa magiya ayi. Ndi maberingi a spool, kapena mabuleki amene akukhula pouma. Pokhapokha ngati yanu ndi ija yozungulira ya Abu Garcia Ambassadeur, monga 5500C3 kapena 6500C3: pa imeneyi kolondolera chingwe kamayendabe uku ndi uku poponya, koyendetsedwa ndi kagiya kapulasitiki kam'mbali, ndiye phokoso la poponya likhoza kuchokera ku kagiyako kapena ku worm shaft.

Ngati ikulira popukusa, tsegulani chitseko cham'mbali, chotsani spool, kenako pukusani pang'onopang'ono reel ili pafupi ndi khutu. Phokoso likatha, vuto lili ku spool: beringi yake, kapena mtanda wake wapindika, kapena chingwe chalowa pakati pa spool ndi thupi la reel. Likapitirira, werengani. Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa reel yolembedwa 6.3:1, mukazunguliza handulo kamodzi giya yaikulu imazungulira kamodzi, pinion kasanu n'kamodzi ndi kupitirirako pang'ono. Ndiye mukamva tche kamodzi kokha pa ulendo uliwonse wa handulo, pamalo omwewo, dzino limodzi la giya yaikulu lavulala kapena pali kamchenga kamene kakanirira pakati pa mano. Mukamva tche tche tche kasanu n'kamodzi kapena kasanu n'kawiri, yang'anani pinion. Mukamva kugunda pokhapokha kolondolera chingwe kakafika kumapeto n'kumabwerera, kapena kakumaima mbali imodzi chingwe n'kumaunjikana pamenepo, ndiye ndi kachitsulo kotchedwa pawl kamene kamayenda m'mizere ya worm shaft. Kameneka n'kotsika mtengo ndipo kamatha msanga kuposa china chilichonse mu reel, chifukwa kali poyera pamene mchenga ndi madzi a pachingwe zimagwera. Ndipo ngati ndi khwee wosalekeza amene mukumumva m'zala, wopanda powerengera, ganizirani girisi wouma kapena beringi ya pa mtanda wa handulo.

Kuno kwathu madzi ndi opanda mchere, ndiye dzimbiri si mdani woyamba monga zimakhalira kwa owedza ku Beira kapena ku Durban. Mdani wathu ndi mchenga. Reel yoikidwa pansi pagombe ku Namiasi kapena ku Cape Maclear, yogonekedwa m'bwato mmene muli madzi amatope a ku Malombe, yoyenda yosaphimba pa kabaza mu fumbi la mwezi wa Okutobala, imameza tinthu tosaoneka ndi maso. Nyengo ya mwera mphepo imachita kuuthira yokha mchengawo. Ukasakanikirana ndi girisi umasanduka phala lopala mano a mkuwa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake kuthira mafuta pamwamba sikunathandize, mwinanso kwangosungunula zonyansazo n'kuzifikitsa kumene kunali koyera. Ndipo ngati mafuta ake anali WD-40, dziwani kuti ameneyo amatsuka girisi n'kusiya giya ili gwa.

Tsopano kutsegula. Yalani nsalu yoyera patebulo, mphepo isakhalepo. Mufunika sikuludilaiva yaing'ono yokwana bwino m'mitu ya masikuluu, ngati ija ya okonza mafoni, sipanala ya 10 mm imene imakwana nati ya handulo pa ma reel ambiri, mswachi wakale, spiriti, ndi thireyi ya mazira yoikamo zidutswa motsatana mmene mukuzichotsera. Jambulani ndi foni chilichonse musanachichotse. Chotsani kachophimba ka nati, nati, handulo, kenako nyenyezi ya drag (drag ndi buleki imene imalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu). Ngati reel ndi ya kumanzere ndipo nati ikukana, musaikakamize, pakuti pa ambiri a kumanzere nati imamasukira mbali inayo. Pansi pa nyenyezi mupeza mawasha awiri opindika. Onetsetsani mmene agonera, chifukwa mukawabwezera molakwika drag siigwiranso ngati kale. Mukamasula chitseko cha magiya, chikwezeni chili chathyathyathya, pang'onopang'ono: pali tisipuling'i tiwiri takhala pa yoke, kapulasitiki konyamula pinion, ndipo tikadumpha n'kugwera pamchenga simutipezanso. Timakilipu tating'ono togwira maberingi tichotsereni m'kati mwa jumbo yoonekera pa chifukwa chomwecho.

Giya yaikulu ndi pinion muzitsuke ndi mswachi m'parafini pang'ono, kenako m'spiriti, ziume. Petulo ayi, amawononga mapulasitiki ndi tilabala. Zikauma, tulukani nazo padzuwa muyang'ane dzino ndi dzino, kapena jambulani n'kukulitsa chithunzicho. Dzino labwino nsonga yake ndi yofanana ndi anzake onse. Dzino lotha limaoneka losongoka, lonyezimira mbali imodzi, kapena lopindikira kumbali, ndipo girisi wakale amakhala ndi fumbi lachikasu la mkuwa. Yang'ananinso kumunsi kwa pinion, pamene pali kampata kolowa kamtanda ka spool. Makona a kampatako akadyeka, reel imachita krrr mukangoyamba kupukusa mutaponya, mwinanso kuterereka nsomba ikakoka mwamphamvu.

Mano akakhala abwino, mwapulumuka, ntchito yatsala ndi kudzoza. Girisi ndi wa magiya, mafuta ndi a maberingi, musasinthanitse. Pa giya yaikulu girisi wochuluka ngati njere ziwiri za mpunga ndi wokwanira. Mpakeni ndi kaburashi kuti alowe m'mipata ya mano mozungulira monse, pa pinion pang'ono chabe, ndipo m'kati mwa bowo la pinion mmene mumadutsa mtanda wa spool musalowe girisi ngakhale pang'ono, apo ayi kuponya kufupika. Ambiri amadzaza bokosi lonse poganiza kuti phokoso litha. Limachepadi masiku oyamba, koma handulo imalemera, girisi amamwazikira pa drag ndi pa spool, ndipo amakola fumbi lochulukirapo. Wabwino ndi wopangira ma reel, monga wa Penn kapena wa Shimano. Mukasowa, girisi wa injini za maboti, amene amakaniki a ku Monkey Bay amagwiritsa ntchito, amatheka mukapaka mopyapyala chifukwa sachoka ndi madzi. Wolemera uja wa mahabu a galimoto msiyeni.

Maberingi muwaviike m'spiriti, muwagwedeze m'kabotolo mpaka spiriti asadenso, aume bwinobwino, kenako ikani iliyonse pansonga ya pensulo n'kuizunguliza ndi chala. Yabwino imayenda mwakachetechete. Imene ikumveka tsekeretsekere ngakhale yatsukidwa ndi yotha, ndipo mafuta sangaidzutse. Dontho limodzi pa beringi iliyonse, osati awiri. Mafuta a makina osokera amagwira ntchito ngati a reel palibe. Worm shaft itsukeni ndi mswachi mpaka mizere yake iwale, n'kudontheza madontho awiri a mafuta. Kuno kwa mchenga mafuta ndi abwino pamenepa kuposa girisi, poti girisi ali poyera amatola chilichonse. Pali beringi ina yosiyana ndi zonse, ya timiyala tatitali, yokhala m'chitseko pamene pamadutsa mtanda wa handulo, imene imaletsa handulo kubwerera m'mbuyo. Imeneyo ipukuteni ndi kathonje konyowa pang'ono ndi mafuta basi. Mukaipaka girisi idzaterereka tsiku limene mwakola kampango, handulo n'kukumenyani zala. Mawasha a drag apukuteni ndi nsalu youma. Ngati ndi a carbon mutha kuwapaka girisi wa drag, monga wa Cal's, mopyapyala kwambiri moti chala chingosiya chizindikiro.

Pobwezera, lowetsani masikuluu onse kaye musanamange ndi imodzi yomwe, kenako mangani mopingasa pang'onopang'ono. Chitseko chikapendekeka ngakhale pang'ono, mano a magiya sakumana bwino ndipo reel yabwinobwino imalira. Tisanaiwale, yesani kumanga masikuluu amenewa musanachite zonsezi, chifukwa nthawi zina vuto lonse limakhala lomwelo.

Nanga mano akapezeka otha? Pamenepo gulani, koma gulani ziwiri pamodzi, giya yaikulu ndi pinion. Giya yatsopano pa pinion yakale imalira kuposa poyamba ndipo imatha msanga, chifukwa zakalezo zinadyana mpaka kuzolowerana. Poitanitsa kwa abale a ku Johannesburg kapena pa intaneti, tumizani nambala ya chidutswa yochokera pa chithunzi cha zida za reel yanu, osati dzina la reel lokha. Magiya a kumanja ndi a kumanzere ndi osiyana: pa Shimano Curado, 200 ndi ya kumanja, 201 ya kumanzere. A 6.3:1 sangasakanizidwe ndi a 7.1:1. Onjezani pawl imodzi kapena awiri mu oda yomweyo. Ngati pali mwayi wosankha pakati pa giya ya mkuwa ndi ya aluminiyamu, tengani ya mkuwa. Ndi yolemererapo, koma imapirira ndipo siilira msanga. Za kupaka mankhwala otsukira mano kapena phala lopalira mavalavu kuti magiya asalale, ife sitikulimbikitsa: mukuchotsa chitsulo chimene sichidzabwereranso. Kugula reel ina kumamveka pokhapokha thupi lake lasweka kapena lapindika, kapena ngati ndi ija yopanda dzina imene zida zake sizipezeka, kapena mtengo wa magiya ndi wotumizira ukuyandikira wa yatsopano. Mukafika pogula, ndipo nsomba zanu ndi kampango ndi mlamba za pansi, sankhani ya magiya otsika, 5.3:1 kapena 6.3:1. Za 8.1:1 zimakulunga chingwe mofulumira koma pinion yake ndi yaing'ono, ndipo katundu wolemera amailemetsa.

Magiya atsopanowo adzathanso ngati dzanja silisintha, ndiye tikupempheni zitatu. Musapukuse handulo nyambo ikadali m'mwamba. Imitsani spool ndi chala chachikulu kaye, chifukwa pinion ikagwera pa spool yothamanga ndi pamene kampata kaja kamadyeka. Mbedza ikakodwa m'miyala kapena m'mabango a mu Shire, musamange drag n'kumakoka ndi reel. Kulungani chingwe pa kamtengo mukoke ndi manja. Ndipo nsomba yaikulu ikwezeni ndi ndodo, n'kumapukusa pamene mukutsitsa ndodoyo, osati kuikweza ndi handulo. Drag ikhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwe: pa chingwe cha makilogalamu 9, izitulutsa pa makilogalamu 2.25 mpaka 3. Kuyesa kwake n'kosavuta, mangirirani chigubu cha malita 3 a madzi kuchingwe chochokera pa reel mwachindunji, ndipo chingwe chiyambe kutuluka pamene chigubu chikufuna kunyamuka. Mukabwerako kunyanja, masulani nyenyezi ya drag, pukutani reel ndi nsalu yonyowa osaimiza m'madzi, iume pamthunzi, isungidwe m'kathumba.

Mukawerenga kulira kuja, tiuzeni kuti ndi kangati pa ulendo umodzi wa handulo, ndipo tumizani chithunzi cha mano a pinion mutatsuka pamodzi ndi nambala yolembedwa pa reel, tione ngati pakufunikadi oda.