Musayike ® chikalata chisanatuluke

Mwafunsa ngati mungayambe kusindikiza ® pambali pa dzina la sopo amene mumapanga, poti fomu yolembetsera munapereka kale ndipo ndalama munalipira. Yankho langa ndi ayi, dikirani. Ofesi yolembetsa imayamba yaunika pempholo, kenaka imalilengeza kuti amene ali ndi dandaulo alipereke, ndipo likhoza kukanidwa ngakhale pamenepo. Chizindikiro cha ® chimauza ogula kuti dzinalo linalembetsedwa kale, choncho kuchiyika msanga n'kuwanamiza. Ku United Kingdom, gawo 95 la Trade Marks Act ya 1994, lamulo la zizindikiro za malonda, limati kuchita zimenezi mukudziwa ndi mlandu.

Pakadali pano ikani ™. Sichifuna chilolezo cha wina aliyense; chimangodziwitsa anthu kuti dzinalo mumalitenga ngati lanu pa malonda. Chinzake ndi ℠, cha ogulitsa ntchito monga inshulansi kapena kukonza magalimoto, ngakhale kunja kwa United States ambiri amangoyika ™ pa zonse.

Chikalata chotsimikiza kuti dzina lalembetsedwa chikatuluka mpamene ambiri amalakwitsa, ndiye apa mumvetse bwino. Kulembetsa kumatsata magulu 45 a Nice Classification, ndondomeko imene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito pogawa katundu ndi ntchito: 1 mpaka 34 ndi katundu, 35 mpaka 45 ndi ntchito. Sopo wosambira ali m'gulu 3. Mawa mukayamba kusoka malaya a dzina lomwelo, amenewo ali m'gulu 25, ndipo ® sichipitako mpaka mutalembetsanso. Pa malayapo mubwerere ku ™. Malire a dziko nawonso ali chimodzimodzi. Chikalata chimagwira ntchito kumene chinaperekedwa kokha, kotero musanasindikize makatoni otumiza kunja, onani ngati dzinalo linalembetsedwa kumene akupitako. Kufufuta chizindikiro pa makatoni osindikiza kale n'kodula kuposa kufunsa poyamba.

Chizindikiro cha ® chiyikeni chaching'ono, kumtunda chakumanja kwa dzina, pamalo pamene dzinalo likuonekera kwambiri kapena koyamba. Sikofunika kuchibwereza mzere uliwonse. Dzina lilembedwe monga momwe lilili pa chikalata.

Musachisiyenso dala mukalembetsa. Ku United States, mwini dzina amene sanapereke chidziwitso chotere sangalandire chipukuta misozi pokhapokha atasonyeza kuti wom'berayo ankadziwa za kulembetsako. M'mayiko ambiri chikalata chimatha pakapita zaka 10. Mukapanda kuchiwonjezera nthawi, ® chichoke pa katundu yense watsopano.