Kunja titanium, mkati pulasitiki: ndiye atibera kapena?

Imelo iyi yakhala ikundidikira masabata awiri, pepani achimwene, ndimafuna ndiyankhe nditakhala pansi osati zolemba mothamanga pa foni. Kwa ena amene mukuwerenga, nkhani yake ndi iyi: akuluwa akhala akusunga ndalama kuti agule kamera yojambula zithunzi pa filimu, imodzi yokha koma yabwino, maso awo ali pa Contax T2 kapena Nikon 35Ti poti anamva kuti ndi za titanium, chitsulo chopepuka koma cholimba. Nde tsiku lina anaonera vidiyo ya munthu akumasula kakamera kena kodula ka mtundu womwewu, kutsegula chonchi mkati muli timagiya toyera ta pulasitiki, mtima wawo kungoti myuu. Akufunsa kuti kodi si kutibera kumeneku, chinthu chodula chonchi nkumaikamo pulasitiki? Ndisiye ndikafune ya chitsulo chokhachokha?

Sanakubereni achimwene. Koma chomwe mukuganiza kuti mukulipira sichomwe chidzakhalitse kamerayo, nde tiyeni tiione bwinobwino.

Tiyambe ndi titanium yemweyo. Zaka za m'ma 1990 makampani anali pa mpikisano wa timakamera tolowa m'thumba koma tapamwamba. Kampani ya Kyocera inatulutsa Contax T2 mu 1990, lenzi yake Carl Zeiss Sonnar 38mm f/2.8, Nikon nkubwera ndi 35Ti mu 1993, ija ili ndi timivi pamwamba ngati wotchi yapamkono, Leica Minilux mu 1995, Minolta TC-1 mu 1996. Onsewa titanium. Koma titanium wakeyo ndi chovala chabe, chikhungwa chopyapyala chakunja choti kamera isapindike msanga komanso izikoma m'manja. Sakoka filimu, satulutsa lenzi, satsegula shata (kachitseko kolowetsa kuwala pa filimu). Ntchito zimenezo ndi za timamota, timagiya, ndi kawaya kophwatalala konga pepala kamene amati flex cable, kamene kamapindika nthawi iliyonse mukayatsa kamera lenzi nkutuluka, mukazimitsa nkubwerera. Tayesani kupinda kapepala malo amodzimodzi kwa zaka 30 muone. Minilux ili ndi nthenda yake yodziwika, imangolemba E02 pa kasikirini basi yasiya kujambula, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi kawaya komweka. Kunja titanium akadali ngati wa dzulodzulo, kamera yafa. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Kuonjezera apo Kyocera inasiya kupanga makamera a Contax mu 2005, nde zipangizo zatsopano zochokera kwa eni ake musayembekezere, okonza amadalira kuphwasula kamera ina yakufa kapena tizipangizo topangidwa ndi anthu ena.

Ndipo Kyocera yomweyo ndi imene inkapanga Yashica T4, thupi lake pulasitiki, lenzi ya Zeiss Tessar 35mm f/3.5. Olympus mju II ya 1997 nayonso pulasitiki yokhayokha, koma ili ndi timphira toletsa madontho a madzi kulowa. Tonseti timafa imfa zofanana ndi za anzawo a titanium aja, mota, waya, zamagetsi. Chovala chikusiyana, mkati ndi pachibale.

Tsopano iyi ndi imene imandiseketsa. Mpatseni munthu Canon AE-1 ya siliva, aigwira, aiyeza kulemera kwake, kenako muzamva "eee izi nde zinali zitsulo, osati zidole za masiku ano". Chivundikiro chapamwamba cha AE-1 ndi pulasitiki, abale. Canon inaitulutsa mu 1976, chivundikirocho anaumba ndi pulasitiki kenako nkuchikuta ndi kachitsulo kopyapyala kuti chizioneka ndi kumveka ngati chitsulo, ndi njira imodzi imene inatsitsira mtengo mpaka kugulitsa mamiliyoni. Zaka pafupifupi 50 zadutsa, zivundikirozo zambiri zili bwinobwino. Chimene AE-1 imadziwika nacho ndi kulira kuja kokhala ngati kutsokomola mukadina batani, ndipo kumeneko ndi mafuta amene anauma mu timagiya toyendetsa galasi la mkati lotumiza chithunzi ku diso, si nkhani ya chivundikiro ayi. Koma kuti ndisakondere, kachitseko ka batire ka AE-1 ndi ka pulasitiki ndipo kamathyoka zedi, ambiri muzawapeza atamata ndi tepi. Canon T90 ya 1986, imene Luigi Colani anathandiza kuikonza maonekedwe, kunja kwake ndi pulasitiki koma ojambula a nyuzi a ku Japan anaipatsa dzina loti "the tank" chifukwa cha kupirira. Chimene chimaipha ndi kukhala osagwira ntchito, timaginito ta shata timamatirira nkuyamba kulemba EEE.

Chinanso, tikamati "chitsulo" timakhala ngati ndi chinthu chimodzi pomwe ayi. Leica M3 ya 1954 pamwamba pake ndi brass (mkuwa wachikasu), penti kapena chrome ikamatha m'makona mumatuluka kachikasu kaja kamene anthu amakakonda. Pofika pa M6 ya 1984 Leica inagwiritsa ntchito zinc, nde ma M6 ena anayamba kutuluka timatuza pansi pa chrome, ngati khungu lopsa ndi madzi otentha, ndipo zikayamba sungapukute nkuchoka. Chitsulo chimenecho, cha Leica, chodula. Pa MP ya 2003 anabwerera ku brass, M6 imene anaitulutsanso mu 2022 nayo ndi brass. Magnesium ndi wopepuka komanso wolimba, koma Ricoh GR1 ya 1996 yovala magnesium imavutika ndi kasikirini ka LCD kamene manambala ake amazimirira limodzilimodzi mpaka sudziwa kuti watsala ndi zithunzi zingati.

Nanga ikagwa? Apa ndili ndi umboni wanga. Ndinali ndi SLR (kamera ya galasi mkati, yoonera kudzera mu lenzi) ina yakale ya chitsulo, dzina sinditchula, yolemera moti ukayenda nayo tsiku lonse khosi limadandaula. Lamba wake anakola pa ngodya ya tebulo ndikudzuka, inangoti gu pa simenti. Kuitola kunja kunkaoneka ngati palibe vuto, kakona kamodzi kokha kanalowa mkati pang'ono pafupi ndi chobwezera filimu. Koma kupindika pang'ono komweko kunkakhula chogudubuza chija, kubweza filimu kunasanduka nkhondo, ndipo ukayang'ana mu viewfinder, kawindo koonera kaja, chinthu chakutali sichinkafikanso pa focus poti chioneke bwino, chinachake mkati chinasuntha. Chitsulo sichibwerera chikapindika, ndipo mphamvu ya kugwako chimaipereka mkati. Pulasitiki yotchedwa polycarbonate, makamaka yosakaniza ndi ulusi wa galasi imene anayamba kuigwiritsa ntchito kwambiri m'ma 1980, imavomera pang'ono nkubwerera, komanso kamera yopepuka sigwa ndi mphamvu yofanana ndi yolemera. Koma mbali inayo nayi: yanga ija wokonza anachotsa chivundikiro, nkuchigogoda pang'onopang'ono kuchokera mkati mpaka kuwongoka, nkuchuna galasi, inabwerera pa ntchito ndi chipsera chake. Pulasitiki ikafika pothetheka palibe zogogoda, ndi guluu kapena kusaka ina yakufa. Nde chitsulo chimavulala msanga koma chimachira, pulasitiki imapirira nthawi yaitali kenako tsiku limodzi kungoti tswa.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo pulasitiki paliponse. Pali malo amene kuika pulasitiki kunali kulakwa, basi. Makamera ambiri a Pentax a gulu la MZ, a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ali ndi kagiya kakang'onong'ono ka pulasitiki kokhomeredwa pa kamtengo kachitsulo ka mota yoyendetsa galasi. Pulasitiki pakapita zaka imafota pang'ono, chitsulo chili mkati mwakecho sichifota, nde kagiyako kamakokeka mpaka kung'aluka, mota nkumangolira yokha galasi litakakamira. Kagiya kochepa ngati mutu wa machesi kuimitsa kamera yonse, ndipo kuti ukafikire umayenera kumasula pafupifupi kamera yonse, okonza amaikamo ka brass. Nikon F100 ya 1999, thupi la magnesium, kamera yoti akatswiri ankadyera, koma timano totsekera chitseko chakumbuyo ndi ta pulasitiki toumbidwa limodzi ndi chitsekocho, mukatseka mwamphamvu kamodzi kathyoka ndiye chitseko sichitsekanso. Kuphatikiza mphira wakunja uja amene amayamba kunanda ngati wapakidwa ulimbo pa makamera ambiri a zaka zimenezo. Izi nde ndingavomereze kuti munthu akwiye nazo, chifukwa ndi malo olandira mphamvu tsiku ndi tsiku.

Koma giya wa pulasitiki payekha si tchimo. Pomwe pali mota yothamanga, magiya a pulasitiki sachita phokoso ngati achitsulo, safuna mafuta ambiri, sachita dzimbiri, ndi opepuka nde batire silitha msanga. Kakamera kam'thumba kokhala ndi magiya achitsulo okhaokha bwenzi kakulira ngati chigayo. Funso ndi lakuti ndi pulasitiki yanji, yaikidwa pati, ndipo ikatha munthu angaifikire nkusintha kapena ayi.

Za "chitsulo chokhachokha" zija, ngakhale makamera akale amene mukuwaganizirawo ali ndi chofooka chawo chomwe si chitsulo: siponji. Tsegulani chitseko cha SLR iliyonse ya m'ma 1970 imene sinakonzedwepo, gwirani m'mbali mwa chitseko ndi pamwamba pomwe galasi limagunda, chala chimatuluka chakuda, chonanda ngati phula. Ine ndimachotsa ndi kamtengo kotokosera m'mano ndi thonje lonyowetsa ndi sipiliti wa isopropyl, kupala m'kanjira kaja pang'onopang'ono, zinyenyeswa zikugwera pa pepala, ola lathunthu likhoza kutha. Imeneyo ndi ntchito yophweka. Koma pa Olympus OM-1 ya 1972 siponji ina anaiika pamwamba pa prism, kagalasi kofikitsa chithunzi ku viewfinder, ikaola imadya siliva wa prism, mu viewfinder nkumaoneka mabanga osachoka. Kamera yokongola yachitsulo, kuonongedwa ndi kasiponji. Komanso dzina lokha lisakupusitseni, Pentax K1000 inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, zoyamba za ku Japan zivundikiro zachitsulo, zomaliza zopangidwa ku China zivundikiro za pulasitiki, dzina limodzi.

Nde inuyo achimwene mupange bwanji? Zikutengera chomwe chikukuwawani mtima kwenikweni. Ngati mantha anu ndi oti ndalama zosunga movutikirazi zisafe ndi kamera, kusiyanitsa kofunika si chitsulo ndi pulasitiki koma kamera yoyenda ndi masipuling'i ndi yoyenda ndi magetsi. Nikon FM2 ya 1982 shata yake imafika 1/4000 ya sekondi popanda batire, batire ndi la mita yoyezera kuwala basi. Leica M3 ilibe batire nkomwe. Zoterezi wokonza wodziwa akhoza kumasula, kutsuka, kuthira mafuta, ngakhale kusula kachipangizo kena. Bolodi ya magetsi ya kakamera ka titanium ikapsa palibe amene angaisule. Ine ndikanakhala ndi ndalama za kamera imodzi yokha ndikanapita kumeneko, ngakhale ndikudziwa kuti FM2 silowa m'thumba la malaya.

Koma ngati chimene mukufuna ndi kakamera koyenda nako paliponse ndipo T2 ndi imene yakulowani m'mutu, gulani, lenzi yake ndi yabwino zedi ndipo kuigwira kumakoma, zimenezo sizabodza. Kungoti musaonere kusalala kwa titanium. Muuzeni wogulitsa akutumizireni vidiyo akuyatsa ndi kuzimitsa kangapo, mumvetsere ngati mota ikulira mofanana nthawi zonse kapena ikukokera, muone ngati lenzi ikutuluka osaima panjira ndiponso kachitseko kake kakutseka konse. Manambala onse mu viewfinder ndi pa kasikirini aoneke athunthu, fulashi iyake, mopita batire musakhale zoyerayera kapena zobiriwira. Mufunsenso ngati inakonzedwapo ndipo anasintha chani. Ngati mwasankha 35Ti, timivi tapamwamba tija tiziyenda mukamasintha aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala) ndi mtunda. Ikafika musaisunge m'kabati kudikira tsiku lapadera, ikanimo filimu tsiku lomwelo, jambulani zithunzi zonse 36 pafupi ndi patali, ndi fulashi ndi popanda, mukatsukitse masiku oti mukhoza kuibweza asanathe.