Nyumba taipeza ku Area 25 koma yagundana ndi mdadada wa lendi, tigule?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, woyamba ndi mtsikana wa zaka 14, enawo ndi anyamata. Ine ndi amuna anga takhala pa lendi zaka 12, pano tili ku Kawale, ndipo zaka zonsezi takhala tikusunga pang'onopang'ono, ine ndi geni yanga ya kaunjika komanso banki m'khonde, iwo ndi malipiro awo, kuti tsiku lina tidzagone m'nyumba yathuyathu. Mwezi wathawu dobadoba wina anatipezera nyumba ku Area 25, ya zipinda zitatu, madzi ndi magetsi zilimo kale, mtengo wake tingaukwanitse. Vuto ndi loti pafupi penipeni pali mdadada wa lendi wa zitseko 8, onsewo bafa ndi chimbudzi ndi chimodzi, ndiye chimbudzicho chili kuseri kwa khitchini ya nyumba tikufunayo. Tsiku tinakaiona tinapeza anyamata ali pakhonde wailesi ili pamwambamwamba, zovala ayanika mpaka mbali yathu, atsikana awiri akuchokera kubafa atangomanga zitenje m'chifuwa. Amuna anga akuti tilipire sabata yamawa chifukwa pali wina akuifunanso, akuti ine ndikungochulutsa gaga m'diwa. Mtima wanga ukukana. Ndikuopera mwana wanga wamkaziyu, komanso ndinene chilungamo, zaka zinayi zapitazo bambowa anali ndi chibwenzi ndi mtsikana wapafupi ndi pomwe tinkakhala, nkhani inafika kwa ankhoswe tinakhululukirana koma mumtima simunathe. Pano m'nyumba sitikuyankhulana bwino. Ndikanize kapena ndingololera?

Mayi wodandaula, Kawale

Mwana wanga,

Poyamba ndikuyamikeni, kusunga ndalama zaka 12 muli pa lendi mu Lilongwe muno, ana akudya, fizi ikulipiridwa, si zamasewera. Ndipo changu cha amuna anuwo ndikuchimvetsa. Aliyense amene anali ndi kandalama kake kubanki mu November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti akudziwa mmene zimawawira kudzuka m'mawa n'kupeza ndalama yomwe ikanagula nyumba ikungokwana puloti. Akuopa zimenezo. Koma mawu oti "pali wina akuifunanso" musawatengere kumtima, imeneyo ndi nyimbo ya dobadoba aliyense, nanga si iyeyo amadya pokhapokha inu mukalipira.

Kalata yanu mwamangamo nkhani ziwiri m'chitenje chimodzi, ndipo yolemera kwambiri ndi imene mwaiika kumapetoyo. Ndiyambira pomwepo.

Mpanda sumanga mwamuna mwana wanga. Olo mutakagula ku Area 43 komwe makoma ake ndi aatali, pamwamba pali waya wamagetsi, pageti pali alonda, munthu amene mtima wake uli panja amatulukabe, masiku ano chibwenzi chimayenda m'thumba pa WhatsApp inu muli phee kukhitchini mukupakula nsima. Ndiye mukakana nyumbayi chifukwa cha atsikana awiri aja mudzakananso ina, ndi inanso, chifukwa mtauni muno mulibe malo opanda atsikana. Chikukusowetsani tulo ndi choti bala la zaka zinayi zapitazo linangophimbidwa, silinatsukidwe. Ankhoswe anabwera, munagwirana chanza, basi aliyense n'kumati zatha, koma inu munatsala nazo nokha. Amuna anu akuona ngati mukukangana za chimbudzi ndi wailesi, n'chifukwa chake akuti mukuchulutsa gaga, sakudziwa chomwe chikukuwawani chifukwa simunawauze. Auzeni. Ana akagona, osati pakati pa mkangano, mukhale nawo pansi muwauze kuti bambo, nyumba ndikuifuna ngati mmene mukuifunira inu, koma nditaona atsikana aja ndinakumbuka zija ndipo mtima unandipweteka. Mukatero mumvetsere bwino mmene ayankhire. Mwamuna amene analapadi amafatsa, amakufunsani chomwe angachite kuti mtima wanu ukhale pansi. Akakalipa n'kumati mukufukula zakale, dziwani kuti pali ntchito ina yoti ankhoswe abwererenso, ndipo imeneyo ichitike musanasaine pepala lililonse.

Komanso atsikana ajatu sanakulakwireni. Bafa lili panja, kodi azichokako atavala suti? Inunso lero ndinu wa lendi ku Kawale, mwina pali wina amene amakuyang'anani mmene inu mwawayang'anira iwowo. Anthu ambiri okhala m'midadada ya ku 25 ndi ogwira ntchito ku Kanengo, ena m'makampani a fodya omwe amachuluka nthawi ya sizoni n'kuchepa msika ukatsekedwa, ena ndi aphunzitsi ongoyamba kumene, ena mabanja achichepere omwe akusunga ngati mmene munkasungira inu. Ine ndinakhalapo zaka zingapo moyandikana ndi mdadada ngati umenewu. Usiku wina mwana wanga anatentha thupi mpaka kukomoka bambo ake ali kumudzi, amene anamunyamula kuthamanga naye kumsewu kukasaka galimoto anali mnyamata wa chitseko chachitatu, yemweyo amene ndinkamudandaula za wailesi. Ndikapita kumaliro masiku atatu nkhuku zanga ankatsekera ndi amayi a chitseko chakumapeto. Wakuba amaopa malo a maso ambiri. Koma sindikunamizani, pamalo pomwepo ndi pomwe chaka china mvula ya mu January inadzadzitsa chimbudzi chawo, zonyansa n'kuyenderera kudutsa pakhomo panga penipeni pomwe ndinkatsukira mbale, landilodi wake ankakhala kutali, amangotuma mwana kudzatolera ndalama mwezi ukatha, tinavutika masabata.

N'chifukwa chake ndikuti maso anu achoke pa alendiwo apite pa landilodi. Alendi amasamuka, amene mwawaona lerowa chaka chamawa mwina theka kulibe, koma mwini mdadada ndi amene mudzakhale naye zaka zonse. Fufuzani kuti ndi ndani, amakhala pompo kapena ayi, chimbudzi chikadzadza amaitana galimoto yopopa kapena amangokumba china, ndipo ngati amakumba, malo otsala ali mbali iti? Zitseko 8 ndi anthu ambiri pa dzenje limodzi. Muone kutsetsereka kwa malowo, madzi a kubafa kwawo ndi a mvula amalowera kuti, dzala lawo lili pati. Apa ndiye sindikunyengererani, ngati nyumbayo ili kumunsi ndipo madzi awo amatsikira kwa inu, nkhani yake ndi yaikulu kuposa wailesi. Tonse tikukumbuka kolera wa 2022 mpaka 2023 mmene anatipwetekera, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu January 2023. Muli ndi ana atatu, khitchini ndi chimbudzi cha anthu ena siziyenera kupumirana.

Nyumba saiona tsiku limodzi masana dzuwa likuwala dobadoba ali pambali akukulozerani matailosi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pitaninso nokha awiri osamuuza, Lachisanu madzulo cha m'ma 8 makamaka kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, mumve phokoso lenileni la pamalopo, muone ngati pali chitseko chomwe amagulitsirapo mowa chifukwa chimenecho ndiye chimasintha zonse. Mupitenso m'mamawa anthu akukonzekera ku ntchito, ndipo mvula ikagwa tsiku lomwelo kwerani minibasi mukaone matope. Mugule tomato kwa amayi a pabenchi yapafupi mucheze nawo, amenewo amadziwa chifukwa chenicheni chomwe mwini nyumba akugulitsira, amadziwanso ngati pamalopo pamabwerabwera apolisi. A bulokulida a deralo muwaonenso.

Tsopano pali china chomwe simunachitchule n'komwe koma ine ndi chimene chikundiopsa kwambiri, mapepala. Nthawi zambiri nyumba ikagundana chonchi ndi mdadada mumapeza kuti kale inali puloti imodzi, mwini wake anamanga nyumba yaikulu kutsogolo ndi zalendi kumbuyo, kenako iye kapena ana ake n'kuyamba kugulitsa mbali imodzi. Ngati zili choncho funsani, kodi pulotiyo inadulidwa mwalamulo, mbali yanuyo ili ndi nambala yakeyake? Mabikoni akuonetseni ndi maso, ngati sakuoneka itanani saveya. Zovala zija ayanika mbali yanu mwina kwa iwo si mbali yanu, ndi pomwe akhala akuyanika zaka zonse, mwinanso njira yawo yotulukira kumsewu imadutsa pabwalo lanu, tsiku lomwe mudzayambe kumanga mpanda ndi pomwe nkhondo idzabuke. Mita ya Lilongwe Water Board ndi ya ESCOM muonetsetse kuti ndi za nyumba yanu yokha, sipakhala paipi kapena waya wopita kumdadada, komanso palibe ngongole yotsalira. Malo mu mzinda muno ena ali m'mabuku a khonsolo, ena ku Unduna wa za Malo, ena ku Malawi Housing Corporation, ndiye mudziwe kuti amenewa ali kuti, mupite konko mukaone ngati dzina la wogulitsayo ndi lomwe lili m'kaundula, ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki, ndi ngati misonkho ya khonsolo inalipiridwa. Ngati ndi ya masiye, mwana mmodzi sangagulitse yekha abale ake osadziwa, pafunika kalata za kukhoti zomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Ngati wogulitsayo ali pabanja mkazi wake akhalepo. Pezani loya alembe mgwirizano, ndalama idutse kubanki osati m'chikwama, ndalama ya loyayo ndi yochepa poyerekeza ndi thukuta la zaka 12.

Ndipo pa pepalalo palembedwe maina awiri, lanu ndi la amuna anu. Ndalama ya kaunjika ndi ya banki m'khonde ili momwemo. Izi musachite nazo manyazi ndipo si kuwakayikira bambo, ndaona amayi ambiri akulira mwamuna atamwalira achibale atabwera ndi makiyi awo.

Za mwana wanu wamkazi, nkhawa yanu ndi ya mayi aliyense ndipo ndi yoyenera. Mukagula, mpanda ndi geti zikhale zoyamba, mipando yatsopano idikire, ndipo iye asambire m'nyumba, chipinda chake chisakhale choyang'ana kumdadada. Koma chomuteteza kwambiri ndi choti azitha kukuuzani chilichonse osaopa kukalipiridwa, amene wamuimitsa panjira, amene wamupempha nambala, amene wamupatsa ndalama. Zaka 14 ndi nthawi yoti muzicheza naye ngati munthu wamkulu, kaya muli ku Kawale kaya ku 25.

Ndiye musakanize lero, musalolerenso lero. Apempheni bambo masabata awiri kapena atatu, muwauze kuti simukukana nyumba koma mukufuna muyendere limodzi zinthu zimenezi, ndipo wogulitsa amene mapepala ake ali bwino sangakane kudikira masiku ochepa chonchi, akakana ndiye kuti wakuyankhani kale. Mukapeza kuti puloti ndi yoima payokha, madzi awo sabwera kwa inu, landilodi ndi munthu woti mutha kukhala naye pansi n'kugwirizana zosuntha chimbudzicho, ine ndikuti gulani, ndipo tsiku losamukira mukagogode zitseko zonse 8 mupereke moni. Koma mapepala akakhala okayikitsa kapena chimbudzi chili kumtunda kwa khitchini ndipo mwini wake sakufuna kumva, isiyeni ipite olo mtengo utakoma bwanji. Mukakayendera mundilemberenso mundiuze zomwe mwapeza, makamaka zomwe bambo ayankhe pa nkhani ya chibwenzi ija.

Azakhali