Kupita ndi amayi ku Whitby: muyambire pamwamba

Achemwali ena a ku Leeds andilembera imelo. Akuti amayi awo akubwera kuchokera kumudzi mu Juni, ndipo akufuna kukawaonetsa nyanja ku Whitby kwa masiku awiri. Koma amayiwo maondo amawavuta. Ndiye akufunsa kuti akaone chiyani, nanga malo ozungulira angafikeko?

Achemwali, mwasankha bwino, koma musakawathamangitse amayi. Whitby ndi katauni ka asodzi ku North Yorkshire, pomwe mtsinje wa Esk umathira m'nyanja ya North Sea. Mtsinjewo unakagawa pakati, ndipo anthu amawoloka pa mlatho wa m'chaka cha 1909 umene umatembenuka kuti maboti adutse. Ndi kakang'ono, koma zitunda zake si zamasewera.

Aliyense akuuzani za masitepe 199 okwera kutchalitchi cha St Mary ndi kumabwinja a Whitby Abbey, nyumba yakale ya amonke. Inu musawakweretse amayi pamenepo. Ngakhale mabenchi amene muwaone m'njiramo anaikidwa kale kuti onyamula maliro azipumirapo, ndiye ganizirani kukula kwa chitundacho. Tengani takisi ikakutuleni pamwamba penipeni, msewu ulipo.

Kumtundako ndiye mukakhalitse. Ngati amayi ndi opemphera, malo amenewa akawakhudza mtima. Nyumba ya amonke imeneyi inakhazikitsidwa mu 657, ndipo woitsogolera woyamba anali mzimayi, Hilda, amene ankayang'anira amuna ndi akazi omwe. Mu 664 munachitikira msonkhano waukulu umene unagamula kuti Akhristu a dera la Northumbria aziwerengera tsiku la Pasaka monga a ku Roma. Makoma amene aima lero ndi a tchalitchi chomwe chinamangidwa pambuyo pake. Mfumu Henry VIII inatseka malowa mu 1539, ndipo mu 1914 sitima zankhondo za Germany zinaombako mabomba. Ine nthawi iliyonse ndikaima pansi pa mazenera aataliwo, opanda galasi, mphepo ikulira m'mipata, ndimangoti chete. Mphepoyo ndi yozizira ngakhale mu Juni, choncho amayi akavale juzi ndi jekete, mpango aumangitse ndithu.

Mukatsika, kaloweni mu Henrietta Street, kamsewu komwe kali m'munsi mwa masitepe aja. Simufunsa njira, mphuno ikutsogolerani. Kuli a Fortune's, amene akhala akuwamba nsomba kuyambira 1872, ndipo makoma a nyumba yowambirayo anachita kuda bii ndi utsi. Munthu amene anakulira pa nsomba zowamba, fungo limeneli limamubwezera kwawo. Nsomba ndi tchipisi mukadyere m'nyumba. Panja pali mbalame zoyera zam'nyanja zimene zimatsomphola chakudya m'manja munthu akuona.

Pali chinthu china chimene ndikupemphani musachiiwale. Nyanja imeneyi si ngati ya ku Mangochi. Madzi ake amaphwera ndi kudzazanso kawiri patsiku, ndipo pobwera sachedwa. Pomwe mwayala chitenje m'mawa pakhoza kukhala pamadzi masana, ndipo anthu amatsekeredwa pansi pa matanthwe. Muone nthawi za madzi pa intaneti musanatsikire kumchenga.

Tsiku lachiwirilo sankhani ulendo umodzi wokha. Ambiri amathamangira ku Robin Hood's Bay pa basi ya X93. Mudziwo ndi wokongola zedi, koma msewu wotsikira kunyanja ndi wotsetsereka kwambiri, ndipo pobwerera amayi angakakudandaulireni. Ine ndikanasankha sitima yamalasha ya North Yorkshire Moors Railway, imene imachoka pa siteshoni ya Whitby kudzera ku Grosmont ndi Goathland mpaka ku Pickering. Amayi akangokhala pazenera n'kumaona nkhosa, zigwa ndi utsi ukudutsa, osavutitsa mwendo. Matikiti mugulire tsiku lisanafike, chifukwa nthawi yotentha anthu amachuluka.

Akafuna kuponda madziwo, pitani nawo ku Sandsend, mamailosi atatu okha kuchokera ku Whitby. Kumeneko msewu unayandikana ndi mchenga. Muwatengere thaulo ndi masokosi ouma, chifukwa madzi a North Sea amachita kuluma mapazi. Mukabwerako mundilemberenso, ndimve kuti amayi anati chiyani atalawa nsomba yowamba ija.