Kodi chipangizo choonetsa nyenyezi zonse tichitche chiyani?

Mphunzitsi wina wa ku Nkhotakota walemba kuti: "Ndikupeka nthano ya zam'tsogolo. M'nthanomo muli chipangizo chimene ukachiyatsa, nyenyezi zonse zimangoti mbuu, kuyandama m'chipinda ngati hologalamu (chithunzi cha kuwala chooneka ngati chinthu chenicheni). Ndachitcha 'choonera dziko lonse'. Ndakhoza kodi?"

Aphunzitsi, mwayandikira, koma pali minga iwiri. Woyamba ndi mawu akuti "dziko". Msodzi wa ku Chia akamva "dziko lonse" aganiza za pansi pano, Malawi ndi maiko anzake. Dzuwa, Nthanda ndi Mlalang'amba sizilowamo. Mawu okwana ndi "chilengedwe chonse", ndipo "thambo" limathanso kugwira ntchito ngati mukufuna lalifupi.

Munga wachiwiri ndi umene ukundisangalatsa. "Kuonera" ndi "kuonetsa" si chimodzi. Choonera ndi chinthu chimene umasuzumiramo ndi diso lako, monga magalasi amaso. Choonetsa chimatulutsa chokha chithunzi, iwe n'kungokhala pampando. Chanucho chikuponya nyenyezi m'mwamba, choncho ndi choonetsa.

Komabe "choonetsa chilengedwe chonse" ndi kufotokoza, si dzina. Ndani m'nthano angamatchule zonsezo adani ali pakhomo? Makolo athu ankalumikiza mneni ndi dzina n'kupanga liwu limodzi: chiphadzuwa, chipondamthengo. Potsata njira imeneyi ine ndinganene "chionetsathambo". Musalifune m'buku lotanthauzira mawu, ndalipeka pompano, ndipo wolemba nthano ali ndi ufulu wotero.

Za hologalamu, musachite nalo manyazi. Liwuli ndi lobwereka ngakhale kwa Angerezi, linachokera ku Chigiriki: holos ndiye "chathunthu". Luso lake analitulukira wasayansi Dennis Gabor mu 1947, ndipo analandira nalo mphoto ya Nobel mu 1971. Ngati owerenga anu ndi ana a pulayimale, litchuleni kamodzi, kenako muzingoti "chithunzithunzi". Liwuli limanena kale za chinthu chooneka koma chosagwirika, dzanja limangopyola.

Ndikanakhala ine, pofotokoza chipangizocho chitayaka ndikanatengera owerenga kunyanja usiku wopanda mwezi, asodzi a usipa atayatsa nyale zawo kutali, mpaka osadziwa pamene nyale zathera ndi pamene nyenyezi zayambira. Ana a m'kalasi mwanu amaziona zimenezo.