Nsalu imeneyo isakhudze madzi otentha, chonde

Asisi, mwati mwapeza nsalu yakale ndipo mukufuna kuichapa musanasoketse. Beseni ndi sopo ikani pansi kaye! Musanamizidwe ndi dzina la David Whitehead lomwe mwaliona m'mphepetemo n'kumati ndi thonje ngati zitenje zathu za ku Blantyre. Ngati ndi ya m'ma 1950 monga mwanenera, n'kutheka ndi rayon, nsalu ya ulusi wochokera ku mitengo, yopangidwa ndi kampani ya David Whitehead ya ku Lancashire, ku Mangalande. Nthawi imeneyo kampaniyi inkagula zojambula za akatswiri ngati Marian Mahler ndi Jacqueline Groag n'kumazidinda pa rayon, poti inali yotchipa, kuti ngakhale munthu wamba apachike makatani amakono.

Yanga inali ya malemu azakhali, anabwera nayo kuchokera ku Mangalande, ndipo inakhala m'sutikesi zaka zonsezi osadyedwa ndi njenjete. Ndinakaisiya kwa telala wina kuti andisokere diresi. Bamboyo, osandifunsa n'komwe, anainyika m'madzi owira, ati ichoke sitachi. Sitachi wake uti? Kenako kufinya ngati chikolopa, kuyanika pawaya dzuwa lili pamutu. Nditafika ndinapeza yafupika, m'mbali yakwinyika, chikasu chalowerera m'mizere yakuda, pomwe panali mapegi pang'ambika timabowo. Ndiye pofuna kubisa manyazi anadutsitsapo simbi yamakala, n'kusiya chidindo chonyezimira pakati penipeni. Ndinangokhala pabenchi, miyendo ili zii. Iye ali, "Mayi, nsalu zakale ndi choncho, inali yowola kale." Yowola! N'kumandiuzanso kuti ndilipire ya makala. Mpaka lero ndikadutsa pakhonde pakepo mtima umandiwawa.

Zomwe matelala ambiri sadziwa n'zakuti rayon amapanga kuchokera ku mitengo, amaisungunula ndi mankhwala n'kukoka ulusi. Kampani ya Courtaulds inayamba kuipanga ku Coventry, ku Mangalande, mu 1905. Ikanyowa imafooka kwambiri, mphamvu yake imatsika mwina ndi theka, ndiye ukaifinya waipha. Kuti mutsimikize, sololani kaulusi kamodzi muyatse ndi machesi. Ikanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, ndi rayon kapena thonje. Ikasungunuka n'kuuma kamphumphu, ndi poliyesitala.

Komabe musanadule inyikeni ndithu, apo ayi idzafupika mutasoka kale. Madzi ozizira, mphindi zochepa, osatikita, muikulunge m'thaulo n'kuiyala pamthunzi. Posita tembenuzani, simbi ikhale yofunda chabe. Ndipo kwa telala pitani nayo nokha, mukhale pomwepo mpaka atadula.